Momwe gulu la kumudzi ku Mchinji lingapezere ndalama za boma zokonzera mayendedwe

Kuchoka ku Mkanda kapena ku Kapiri kukafika pa boma la Mchinji si nkhani kwa mnyamata wa mphamvu zake. Akwera kabaza, alumikiza Sienta, basi wafika. Nkhani imakula kwa mayi woyembekezera, gogo woyenda ndi ndodo, ndi munthu wa pa njinga ya olumala amene nthawi zina amauzidwa kuti alipirire njinga yakeyo ngati katundu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Mchinji ili ndi anthu 602,305, ndipo m'dziko lonse pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Anthu amenewa tili nawo m'mudzi uliwonse.

Ndalama za boma zothandizira vutoli zilipo, koma sizipita kwa amene walira kwambiri pa msonkhano wa ndale. Zimatsata zolembedwa. Ganizo lanu likapanda kulowa m'mapulani a chitukuko a khonsolo, ngakhale litakhala labwino chotani, lidzathera pakamwa. Njira yake ndi iyi.

Yambani ndi kudziwa thumba limene mukugogoda

Apa m'pamene magulu ambiri amasokerera, choncho tichedwepo pang'ono. Pali thandizo losabweza, ndipo pali ngongole.

Thumba lodziwika kwambiri ndi CDF, la chitukuko cha m'madera a aphungu, lomwe lidayamba mu 2006 ndipo limaperekedwa ku dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo kudzera ku khonsolo. Kwa zaka zambiri pakhalanso DDF, thumba la chitukuko cha m'maboma. Makhonsolo akhala akulandiranso ndalama za pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, zomwe zimaperekedwa potengera mmene khonsolo yagwirira ntchito zake. Matumba onsewa si obweza, koma musayembekezere kuti wina adzaika ndalama m'manja mwa tcheyamani wanu. Khonsolo ndiyo imapeza kontilakita ndi kulipira. Ndipo kawirikawiri matumbawa amamanga zinthu zokhala pamalo amodzi zomwe aliyense angagwiritse ntchito: mlatho waung'ono, makalavati pamene madzi amadula msewu, chisakasa chodikiramo galimoto pa siteji.

NEEF, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi, ndi ina. Imeneyo ndi ngongole, imabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Ngati anyamata a kabaza akufuna njinga yamoto ya matayala atatu yoti izinyamula odwala ndi anthu aulumali pa mtengo wolipira, imeneyo ndi bizinesi, ndipo khomo lake ndi la NEEF, la banki kapena la mabungwe omwe si aboma. Mukapita ndi pempho la njinga yamalonda ku komiti ya CDF mwangotaya nsapato.

Sankhani vuto limodzi, mulipime

"Mayendedwe ndi ovuta kwathu kuno" si pempho. Aliyense kuyambira ku Mwami mpaka ku Waliranji anganene zomwezo. Pempho limanena malo, anthu ndi nyengo: mtsinje wakuti umadzaza kuyambira Disembala mpaka Malichi, midzi yakuti imalephera kufika ku chipatala chakuti, ndipo pozungulira amawonjezera makilomita akuti.

Manambalawo musapeke. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amadziwa chiwerengero cha mabanja ndi amayi oyembekezera. Aphunzitsi aakulu ali ndi kaundula wosonyeza ana amene amajomba mvula ikagwa. Anyakwawa ali ndi buku la mudzi. Jambulani zithunzi pa foni madzi atasefukira, chifukwa mukadikira chilimwe, amene adzabwere kudzaona adzapeza mchenga wokhawokha n'kudabwa kuti mlatho ndi wa chiyani.

Anthu aulumali akhale m'komiti, osati pa chithunzi pokha

Lamulo loona za anthu aulumali la 2012, komanso latsopano la 2024 lomwe lidalowa m'malo mwake, limanena za ufulu wawo wofika m'malo a aliyense ndi kugwiritsa ntchito mayendedwe. Litchuleni m'pempho lanu. Koma chachikulu n'chakuti iwo eni ake ndiwo amaona zomwe ena tonse timadutsa osaziona.

Tengani chisakasa cha pa siteji. Mmisiri akachikweza ndi masitepe atatu kuti madzi asalowe, wa pa njinga ya olumala adzadikira panja pa dzuwa. Pamafunika potsetsereka, ndipo muyeso wodziwika ndi wakuti kukwera kwa mita imodzi kumafuna kutalika kwa mamita 12. Ndiye ngati pansi pa chisakasa pakwera masentimita 30, potsetserekapo patalike mamita 3.6. Zambiri zimene timaziona pa nyumba za m'matauni athu n'zophiphiritsa chabe, zotsetsereka moti munthu sangakwere popanda womukankha. Polowera pasachepere masentimita 90. Pakhale benchi ya okalamba, ndipo ngalande ya kutsogolo ikhale yovundikira kuti wosaona asagweremo. Pa mlatho wa oyenda pansi pakhale zogwirira mbali zonse ziwiri. Zinthuzi zikalembedwa pachiyambi siziwonjezera ndalama zambiri. Kugumula pambuyo pake ndiko kumadula.

Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma ingakulumikizeni ndi magulu a anthu aulumali a m'dera lanu, ena mwa iwo ali pansi pa FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi.

Lowani pa khomo la VDC

Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 1998, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. Pa gulupu pali komiti ya chitukuko ya m'midzi yotchedwa VDC, pa mfumu yaikulu pali komiti ya chitukuko ya dera lonselo yotchedwa ADC, kenako khonsolo. VDC imalemba zofuna za midzi yake m'mapulani otchedwa VAP, ndipo mapulani amenewa ndiwo amadyetsa pulani ya chitukuko ya boma lonse la Mchinji.

Choncho pitani kwa agulupu ndi kwa wapampando wa VDC, mupemphe kuti nkhani yanu ikambidwe pa msonkhano. Ikavomerezedwa, onetsetsani kuti mlembi wailemba m'maminitsi, ndipo inu mutenge kope lokhala ndi chidindo cha amfumu. Kapepala aka musakapeputse. Tsiku lina ku ADC ya kwa Mlonyeni, kwa Zulu kapena kwa Mavwere, zopempha zidzakhala zambiri kuposa ndalama: midadada ya sukulu, mijigo, nyumba za aphunzitsi. Amene ali ndi umboni wakuti midzi ingapo idagwirizana ndiye amamveka. Ngati mlathowo ungathandize magulupu awiri, kambiranani ndi VDC ya tsidya linalo kuti nayonso ilembe chimodzimodzi.

Akhansala a m'wodi yanu auzeni msanga, chifukwa ndiwo amakhala pa msonkhano wa khonsolo umene umavomereza bajeti. Aphungu nawonso adziwe. Koma pempholo lisavale mtundu wa chipani chilichonse, poti chisankho chikasintha anthu, lidzasiyidwa panjira pamodzi ndi mwini wake.

Nthawi nayo ndi yofunika. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, ndipo makhonsolo amakonza bajeti miyezi ingapo Epulo asanafike. Pempho lofika mu Meyi nthawi zambiri limadikira chaka chinacho. Yambani kuyenda mukangomaliza kukolola, mvula isanayambe.

Lembani pempho lalifupi

Masamba awiri kapena atatu akwana. Vuto, malo, amene apindule, chimene mukufuna chimangidwe, mtengo wake, ndi chimene mudzi usonkhe. Mchenga, miyala, madzi ndi malo n'zimene midzi imatha kupereka. Njerwa zootcha musalonjeze, ntchito za boma masiku ano zimafuna mabuloko a simenti pofuna kuteteza mitengo.

Pa mtengo, musadalire m'mutu mwa mmisiri wa m'mudzi yekha. Ku khonsolo kuli ofesi yoona za zomangamanga, pempheni kuti munthu wawo adzaone malowo ndi kuwerengera zipangizo. Ofesi ya mapulani ndi chitukuko, ya a DPD, ndiyo ingakuuzeni ngati nkhani yanu ili kale m'pulani ya boma komanso malamulo a thumba lililonse m'chaka chimenecho, poti a CDF akhala akusinthasintha. Ngati chisakasa chili m'mbali mwa msewu waukulu monga M12 wa Lilongwe–Mchinji, malo a m'mphepete mwake ali m'manja mwa Roads Authority, ndipo kumanga popanda chilolezo chawo n'kudziitanira chigumula.

A njinga ya matayala atatu aja, inu muyambe mwalembetsa gulu ngati kopaletivu kudzera ku ofesi ya zamalonda pa boma, mutsegule akaunti ya ku banki ya osainira atatu, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi ya ku Road Traffic ndi inshulansi. Werengerani mafuta, matayala ndi kubweza ngongole pa mwezi musanasainire kalikonse. Miyezi ya mvula, pamene njingayo idzafunike kwambiri, ndi imenenso anthu alibe ndalama m'thumba.

Palibe fomu ya chitukuko cha khonsolo imene imagulidwa. Wina akati mumupatse ya fanta kuti pempho lanu likwere pamwamba, zimenezo n'ziphuphu, ndipo bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB lilipo.

Ikavomerezedwa, musagone

Pamasankhidwa komiti yoyang'anira ntchitoyo. Ikanimo amayi ndi munthu waulumali, ndipo mufunse kope la zipangizo zimene kontilakita adalonjeza. Werengani matumba a simenti akamatsika. Potsetsereka paja mukapime ndi tepi simenti isanaume. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulemba kalata ku khonsolo kufunsa ndalama zimene zaperekedwa pa ntchitoyo ndi amene walipidwa. Komiti isasainire kuti ntchito yatha pamene zogwirira za pa mlatho kulibe, chifukwa kontilakita akalandira ndalama yomaliza kumupezanso n'kovuta.

Pomaliza gwirizanani za chisamaliro, ndipo zilembedwe m'maminitsi a VDC. Makalavati amafuna kuchotsa zinyalala ndi mchenga mvula isanayambe, apo ayi madzi amadutsa pamwamba n'kudya msewu. Ngati mwapeza njinga ya ambulansi, tchulani nyumba imene izigona, amene asunge kiyi, wachiwiri wake iye akachoka, ndi ndalama imene banja lililonse lizisonkha pa mwezi yogulira machubu ndi masipoko.