Shuga muchepetse pang'onopang'ono, lilime lizolowera

Inu amene mumathira masipuni anayi a shuga mu tiyi, musasiyiretu shuga yense pa tsiku limodzi, mudzangoyambiranso. Chotsani theka la sipuni, mukhale choncho masabata awiri, kenako muchotsenso. Lilime limazolowera zomwe mukulipatsa. Ine ndinatero, ndipo patatha miyezi iwiri thobwa lomwe lija ndinkagula mumsika wa Mangochi dzuwa likaswa mtengo linayamba kuzuna mpaka kundikola.

Ana amakonda zotsekemera kuposa akulu, n'chibadwa chawo, ndiye musawaonjezerenso masiwiti. Koma agogo akamadandaula kuti phala silikutsekemera, musathamangire shuga ayi, ukalamba umafooketsa lilime ndi mphuno zomwe. Aphwanyirenimo nthochi yakupsa bwino, kapena mango nyengo yake ikafika, poti kuno amangoti mbwee.