Mpeni wa balisong: utenge wa mano kapena wosalala?

Ambiri tinakula ndi Okapi, mpeni wopinda uja wa chogwirira cha mtengo ndi karing'i kumsana, ndiye ukaona balisong koyamba umangoti ichi nchoseweretsa cha anyamata a pa YouTube. Ayi ndithu, kwawo ndi mpeni wa ntchito. Umachokera ku Philippines, chigawo cha Batangas, mtauni ya Taal muli mudzi dzina lake Balisong komwe amisiri amausula pamanja mpaka lero, chitsulo chake nthawi zambiri amatenga masipuling'i a galimoto zakutha, zogwirira amakongoletsa ndi nyanga ya njati yoweta ija amati carabao kapena mtengo wa kamagong. Wachikale weniweni ukautambasula ndi masentimita 29, nchifukwa chake eni ake amautchula veinte y nueve. Azungu amati butterfly knife poti zogwirira zake ziwiri zimatseguka ngati mapiko a gulugufe.

Musanawononge ndalama yambani mwafufuza malamulo a komwe muli. Abale amene muli ku UK musayerekeze nkomwe, kugulitsa analetsa kuyambira 1989 ndipo pano olo kungousunga m'nyumba ndi mlandu. Ku Germany nako analetsa mu 2003. Ndipo kulikonse, osapita nawo pa ndege mchikwama cha mmanja.

Tsono pa nkhani ya mano. Wa mano umagwira ntchito ngati chisikilo chomwetera udzu, timano tija timakola chinthu nkuching'amba pamene mukukoka. Pa chingwe cha nayiloni choterera, khonje, lamba wa galimoto, payipi ya pulasitiki, ukonde wonyowa, apo wa mano ndi dolo, umadula olo utayamba kubuntha chifukwa nsonga za mano ndi zomwe zimagunda zolimba, m'makumbi mwake mumakhalabe mwakuthwa. Kampani ya Spyderco ndi yomwe inatchukitsa mano pa mipeni yopinda m'ma 1980, ndipo anthu a pamadzi anaikonda pa chifukwa chomwechi.

Koma dzifunseni chilungamo, pa sabata mumadula zingwe kangati? Ine zomwe ndimachita ndi mpeni ndi kusenda mango, kusenda nzimbe, kusongola pensulo ya mwana, kutsegula katoni, kutumbula chambo, kudula kanyama pa kanyenya, nthawi zina kusema kamtengo kotsekera pena pake. Zonsezi zimafuna wosalala, woti ukaukankha ulowe mwakachetechete nkusiya podula pooneka bwino. Tayesani kusenda mango ndi wa mano muone, khungu limachoka ndi mnofu wambiri, bango lonse mizeremizere, madzi chuchuchu m'manja. Komanso mano amagobedwa mbali imodzi yokha, ndiye mpeni umakonda kukhotera kumbali pamene inu mukufuna uwongoke.

Palinso ina yophatikiza, theka mano chakuchogwirira theka wosalala chakunsonga. Poyamba zimaoneka ngati wapeza zonse ziwiri koma ine sindiikonda, chifukwa malo a pafupi ndi chogwirira ndi pomwe dzanja limakhala ndi mphamvu zosemera ndi kusenda, ndiye mano akukhala pomwepo, ndipo pa mpeni wa masentimita 10 mano ake amakhala ochepa moti chingwe chachikulu mumachita kubwereza kangapo.

Ndiye pa balisong pali china chomwe Okapi alibe. Zogwirira ziwiri zija sizofanana. China chimatsekera kumsana kwa mpeni, amachitcha safe handle, chinacho chimatsekera kokuthwa, amati bite handle, choluma, ndipo pa mipeni yambiri kachitsulo kotsekera kamakhala pa choluma chomwecho. Mukagwira cha kumsana nkuuzunguza, chomwe chimagunda zala ndi msana, palibe vuto. Mukasokoneza nkugwira choluma, kokuthwa kumatsikira pa zala zanu. Ine zinandichitikirapo sabata yoyamba, wosalala unandicheka chala cha mkombaphala, bala lowongoka, pulasitala masiku angapo linapola. Akanakhala mano bwenzi atang'amba, ndipo bala long'ambika limavuta kupola. Ichi chokha chimandikwanira kunena kuti balisong yoyamba ikhale yosalala.

Pophunzira gulani kaye trainer, ndi balisong yomweyo koma chitsulo chake nchobuntha chokhala ndi mabowo. Ngati mulibe, matani tepi ya magetsi kawiri katatu kokuthwa konse ndi kunsonga. Yeserani mutaima pa udzu kapena pamwamba pa bedi, mutavala nsapato osati patapata, ndipo ukapulumuka m'manja usiyeni ugwe, osauwakha. Kutsegula kwa tsiku ndi tsiku sikufunanso masitayilo, masulani kotsekera, gwirani cha kumsana, ponyani chinacho chizungulire, bweretsani zonse pamodzi mfumbate. Olo ndi manja awiri palibe cholakwika. Ubwino wake ukatseguka zogwirira zonse zili mdzanja lanu, sungakupindikireni pa zala ngati momwe imachitira mipeni yopinda ikatha loko, ndipo ukatsekedwa kokuthwa konse kwabisika.

Kunola ndi pomwe kusiyana kumaonekera zenizeni. Wosalala mumanola pa mwala uliwonse wabwino, thirani timadzi, goneketsani mpeni pang'ono ngati madigiri 20, kokani mbali iyi kakhumi mbali inayo kakhumi mpaka mumve kakhambi kakang'ono, kachitsulo kopyapyala kopindikira mbali imodzi, mmphepete ndi chala, kenako pukutani pa lamba wachikopa. Mulibe mwala, tembenuzani kapu ya dothi, kunsi kuja kosapakidwa kumanola bwinobwino. Wa mano mukaupititsa pa mwala chonchi mukungodya mano. Umafuna katupa kozungulira kosongoka, kulowetsa m'khumbi limodzilimodzi mbali yogobedwa ija, kenako kupalako pang'ono kumbuyo kuchotsa khambi. Ndi ntchito ya madzulo onse, ndipo osaupereka kwa onola pa galayindala, abwera nawo opanda dzino olo limodzi.

Mukamagula gwirani zogwirira zonse ziwiri mugwedeze, zikamachita gwedegwede kwambiri usiyeni. Tsekani nkumvetsera ngati kokuthwa kukugunda mkati mwa chogwirira, wotero umabuntha wokha mthumba. Wa masikuluwu ndi wabwino kuposa wa mapini okhomerera chifukwa ukakhwepa mumangomanga. Mukatha kusenda zipatso kapena nsomba tsukani m'ngalande za zogwirira ndi mswachi wakale, umitsani, donthezani kadontho ka mafuta a makina osokera pa mapini awiri omwe zogwirira zimazungulirapo. Ngati mumadulira zakudya, pa chitsulo pakani mafuta ophikira pang'ono kuti dzimbiri lisagwire, makamaka nthawi ya mvula.