Ngolo ikakana kuchoka pa mpira wa galimoto, siyani hamala

Chiyambire kukolola chaka chino ndaona ngolo zingapo zokoka ndi galimoto zitawonongeka pamalo amodzimodzi, pamutu paja pamene ngolo imavala mpira wachitsulo wa pa towbar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto. Palibe ndi imodzi yomwe imene inachita ngozi pamsewu. Zonse zinawonongekera pakhomo kapena pamsika, galimoto itaima, mwini wake akungofuna kuimasula basi.

Zimayamba chonchi. Munthu wafika ndi chimanga kuchokera kumunda, waimika pikapu pamene yaimirapo, osayang'ana ngati ndi pachitsetse kapena pachitunda. Wakoka chogwirira cha pamutu pa ngolo, chakana. Wapukusa jockey wheel, katayala konyamulira mphuno ya ngolo, mutu sukusiya mpira, m'malo mwake matako a galimoto ndi amene akunyamuka. Apa mtima wayamba kupsa. Wina wathamangira hamala, wina wabwera ndi mpini wa khasu kuti autukule mutuwo, anyamata awiri akwera pabampala n'kumalumphalumpha. Onse akunena chimodzi, akuti yachita dzimbiri.

Dzimbiri limakhalapo nthawi zina, sindikukana. Koma ngolo imene mwaikoleka m'mawa popanda vuto singamatirire ndi dzimbiri pofika masana. Mpirawo wapanika, ndipo chimene chaupanikiza ndi katundu wanu yemwe.

Mutu wa ngolo umavala mpira ngati chipewa, ndipo m'kati mwake muli kalilime kachitsulo kamene kamalowa kunsi kwa mpira kuti mutuwo usavuke. Kalilimeko kamafuna kampata kuti kachoke. Galimoto ikayang'ana kumunsi, kapena mukaimika mutangobwerera m'mbuyo, ngolo imatsamira galimoto ndipo mpira umakanikiza kalilime kaja, chogwirira n'kuuma gwa. Galimoto ikayang'ana kumtunda, ngolo imadzikokera m'mbuyo ndipo mpira umakodwa kumlomo wakutsogolo wa mutuwo. Tiyeni tiwerengere. Matumba 15 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 750, osawerengera ngolo yeniyeniyo. Pamalo pamene nthaka imatsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kumeneko limakoka molunjika kumunsi. Ndiye kuti pakachitsulo kochepa ngati chala chamanthu patsamira thumba limodzi ndi theka. Inu mukumenya kuti mutu ukwere m'mwamba, pamene mphamvu imene yaugwira ikukoka cham'mbali. Mungamenye mpaka dzuwa kulowa, chimene chingagonje ndi chitsulo chanucho.

Ndipo chimagonjadi. Kalilime kakapindika kapena kung'aluka, ngolo imaoneka ngati yakoleka bwinobwino, chogwirira chimatsika, inu n'kunyamuka. Vuto limakaonekera pa M1, pamahampu kapena m'maenje, pamene mutu ukudumpha pa mpira muli paliwiro ndi mabelo a fodya opita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Imene yavukayo sisankha kolowera, kaya ndi kwa wakabaza, kaya ndi kwa ana ochokera kusukulu. Ena akaona mng'alu amapita nawo kwa wowotcherera wa pamsika kuti "angodontheza pang'ono". Mutu wa ngolo wong'aluka sitiwotcherera, timagula wina. Nanga jockey wheel? Katayala kameneko anakapangira kunyamula mphuno ya ngolo yokha. Mukakapukusa mpaka kukweza theka la pikapu, chitsulo chake chimapindika, mano a m'kati amadyeka, ndipo mawa lake mukusaka amuna anayi oti akunyamulireni mphuno ndi manja. Choopsa china n'chakuti masipulingi a galimoto amakhala atakokeka, ndiye mutu ukamasuka mwadzidzidzi galimoto imagwa, ngolo imadumpha, ndipo dzanja limene linali pamenepo silibwerako lamphumphu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nzeru yake tili nayo kale. Mnyamata aliyense woyendetsa ngolo ya ng'ombe amadziwa kuti asanachotse goli amayamba waika mwala kutayala. Palibe amene anamuphunzitsa m'kalasi. Koma munthu yemweyo akagula pikapu, mwala uja amauiwala, amaganiza kuti handibuleki ya galimoto yagwira zonse. Handibuleki ya galimoto imagwira galimoto. Ngolo zing'onozing'ono zambiri zimene timagula kuchokera ku South Africa, zija zosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu, zilibe buleki ngakhale imodzi. Mukangoimasula, palibenso choigwira. Ndiyenso mwaona nokha kuti matumba 15 aja aipitirira kale malire ake, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mwezi watha ndinacheza ndi bambo wina wolima tomato chakufupi ndi Lizulu. Ndinamupeza akutola tomato wophwanyika m'ngalande, ngolo ili chagada. Anandiuza kuti, "Alangizi, ine ndinayamba ndachotsa tcheni yomangira ngolo kugalimoto kuti isandisokoneze pomenya. Kumenya kachitatu mutu unavuka, ngolo inangoti uyo, chambuyo." Galimoto inali itayang'ana kumtunda. Mwana wawo wa sekondale anali atagwira mtanda wa ngolo kuti athandize, ndipo inamukoka mpaka anagwa chafufumimba, mawondo onse kusupuka. Mwamwayi, mtandawo anausiya msanga. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, mwala munaika?" Anangoloza miyala imene inali mbwee m'mbali mwa msewu, osayankha. Madengu onse a tsiku limenelo anathera m'ngalande, ndipo tomato ameneyo anali woti abweze ngongole ya feteleza. Ndikulemba izi chifukwa cha mwana uja. Akanakhala kuti anaima kumbuyo kwa ngolo, bwenzi tikunena zina.

Pali chinanso chimene anthu sachilabadira, kukula kwa mpira. Mipira imene timagwiritsa ntchito kuno, monganso ku South Africa ndi ku Ulaya, ndi ya mamilimita 50. Ku America wofala ndi wa mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8. Ndi maso simungasiyanitse. Koma mutu wa 50 ukavala mpira wa mainchesi 2 umalowa mokakamiza ndipo umavuta kuchoka tsiku lililonse, ngakhale pamalo osalala. Ngati towbar munagula yakale kapena munachita kupangitsa, pukutani pamwamba pa mpira muwerenge, kawirikawiri nambala imadindidwa pamenepo. Ukapezeka wolakwika, sinthani mpira. Musaupale ndi gulayindala.

Tsono chochita ndi ichi. Ngati n'kotheka imikani pamalo osalala, galimoto ndi ngolo zili pamzere umodzi, osati zitapindana. Musanagwire chilichonse, phingani matayala onse awiri a ngolo, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi miyala yaikulu kapena zipika, osati zidutswa za njerwa zosawotcha. Ngati ngolo ili ndi handibuleki yake, kokani. Zulani pulagi ya magetsi, koma tcheni isiyeni, imeneyo imachoka pomaliza penipeni. Tsitsani jockey wheel pathabwa kuti isamire m'dothi, mumange chomangira chake zolimba, mupukuse mpaka ingoyamba kulandira kulemera kwa mphuno. Chogwirira chikakana, lekani kupukusa. Woyendetsa alowe m'galimoto, anthu onse achoke pakati pa galimoto ndi ngolo, mmodzi aime pambali pooneka pagalasi. Ngati ngolo inatsamira galimoto, sunthirani kutsogolo pang'ono chabe, ngati kutambalala kwa zala ziwiri. Ngati imakokera m'mbuyo, bwererani m'mbuyo pang'ono chomwecho. Nthawi zambiri mumamva kuti "kha", ndiye kuti mpira wakhala pakati. Kokani handibuleki, tulukani, kwezani chogwirira, pukusani, mutu uvuka wokha. Ngolo zokhala ndi buleki ya pamtanda, zija zili ndi labala wopindikapindika kuseri kwa mutu, muziyang'ana labalayo: akafinyika, sunthirani kutsogolo mpaka atambasuke, apo ayi mutu ukamasuka umatumphira kutsogolo n'kuboola bampala. Ngati mphuno yalemera kwambiri, tsitsani matumba akutsogolo angapo, koma osachotsa akutsogolo okhaokha mpaka ngolo kupepuka mphuno n'kudzuka.

Mukamasula, pukutani mchenga pa mpira ndi m'kati mwa mutu, pakani girisi pang'ono, kenako vindikirani mpirawo ndi kabotolo kapulasitiki kodula pakati kuti fumbi lisamatirire. Okhawo amene ali ndi mutu wa mtundu wa stabiliser, ngati wa AL-KO wa pamakaravani, asapake girisi, chifukwa umenewo umagwira mpira wouma.