Mukufuna mwana aziphunzira pakhomo kuno ku Mzuzu? Yambani mwakonza mapepala

Amayi anzanga ndi azibambo, nkhani iyi ndafunsidwa kambirimbiri ku tchalitchi ngakhale pamsika pomwe, ndiye ndaona kuti bola ndingoilemba kamodzi. Mwana wanga wachiwiri ali ndi asima, ndipo inu amene mumakhala kuno mukudziwa mmene kumazizirira mu June ndi July, kamvula kongowaza tsiku lonse kaja, mwana kudzuka 6 koloko chifuwa chili tsoo. Ali Standard 3 anajomba pafupifupi teremu yonse, nde tinagwirizana ndi bambo ake kuti aziphunzira kaye pakhomo. Kuphunzitsako kuli ndi zovuta zake, koma chimene chingamupweteke mwana kutsogolo ndi kusowa mapepala, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo.

Choyamba chenjerani ndi mavidiyo a pa YouTube. Ambiri amene amakamba za homeschooling, kuphunzitsa mwana pakhomoku, ndi aku America, ndipo kumeneko state iliyonse ili ndi malamulo akeake, ku Texas kholo silifunika kukanena kuboma likamayamba, pamene ku New York umayenera kupereka pulani ya chaka chonse komanso malipoti kanayi pachaka. Ku Germany nzoletsedwa. Ku South Africa mwana amalembetsedwa ku ofesi ya maphunziro ya province. Ndiye munthu akamanena motsimikiza kuti "lamulo limalola", dzifunseni kuti lamulo la kuti. Mafomu awo aja musataye nawo bandulo, kuno sagwira ntchito.

Lathu ndi Education Act ya 2013. Limanena kuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere komanso ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Ulerewo unayamba kale mu 1994 nthawi ya a Bakili Muluzi, koma mawu oti okakamizawa ndi amene akukukhudzani inu. Mwana wa msinkhu wa sukulu akamangooneka pakhomo m'mawa uliwonse anthu afunsa, a block leader afunsa, a Social Welfare akhoza kufunsa, ndipo sakulakwa ayi chifukwa ana ambiri amene sali kusukulu amakhala akugulitsa mandasi kapena kulera anzawo. Inuyo mukuyenera kukhala ndi chooneka chosonyeza kuti wanuyo akuphunzira.

Ndiye musangomutulutsa mwana mwakachetechete. Pitani kaye kwa a hedi a sukulu imene ali, fotokozani, ndipo mutenge ma school report onse ndi kalata yosonyeza kalasi imene walekezera. Mukachoka apo kaonaneni ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa zoni yanu, amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoniyo, kenako ofesi ya mkulu wa maphunziro ya Mzuzu City, imene ambiri amati kwa a DEM. Ngati nkhani yanu ndi ya sekondale, imeneyo ndi ya ku Northern Education Division, nayonso ili momuno mu Mzuzu. Musapite ndi pakamwa pokha. Lembani kalata, dzina la mwana, tsiku lobadwa, kalasi, chifukwa chake, amene azimuphunzitsa ndi maphunziro awo, silabasi imene muzitsatira komanso maola angati patsiku. Ngati chifukwa ndi matenda ngati ife, phatikizani kalata ya dokotala kapena fotokope ya buku lake la kuchipatala. Pangani makope awiri, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo ndi deti mubwerere nayo. Chimene angakuyankheni, kaya avomera, kaya akupatsani zoti mutsatire, kaya akuti mwana akhalebe m'kaundula wa sukulu, pemphani kuti chilembedwe ndipo muchitsatire. Mabwana amasinthidwa, amene munagwirizana naye pakamwa chaka chamawa mukampeza ali ku Rumphi, koma pepala la chidindo limatsala.

Setifiketi yobadwa ya ku NRB nayonso ikonzeni pano pomwe, ndipo dzina lilembedwe mofanana paliponse. Mayina athu akumpoto kuno alembi ena amachotsa kapena kuwonjezera chilembo, pepala lina Mhango lina Muhango, kukonza zimenezi nthawi ya mayeso ndi mutu waukulu.

Tsopano fayilo. Ine ndinagula bokosi fayilo limodzi ndi hadi kava. Mu hadi kavamo tsiku lililonse ndimalemba deti, phunziro, tsamba la buku limene tafika, ndi ngati wadwala. Sizitenga mphindi zisanu. Makope odzadza sinditaya, mayeso a kumapeto kwa teremu ndimawasunga ochongedwa kale, ndipo ndimapempha mphunzitsi wina woti anapita ku TTC, koleji ya aphunzitsi, kuti ndiye azimulembetsa ndi kuchonga, asayine. Izi ndimazilimbikira chifukwa ife makolo tili ndi chifundo, mwana akalakwitsa timati wangoiwala, pamene mlendo amakuuza chilungamo kuti ma fraction sakuwamva. Komanso tsiku limene mudzafune kumubwezera kusukulu, a hedi adzafuna kudziwa kuti amuike kalasi yanji, ndipo fayilo imeneyi ndi imene idzamuyankhulire kuti asabwezedwe m'mbuyo.

Za mabuku, tsatirani silabasi ya boma imene amakonza a Malawi Institute of Education ku Domasi. Gulani buku la ophunzira komanso teacher's guide yake, chifukwa mu guide mo ndi mmene muli ndondomeko ya phunziro lililonse. Mabuku akunja ndi abwino powonjezera chabe, ndipo owerenga mukhoza kukabwereka ku National Library m'tauni muno. Kalendanso tsatirani ya unduna, materemu atatu, anzake akatsekera nayenso atsekere.

Apa ndiime pang'ono pa nkhani ya Chichewa. Makomo ambiri kuno timayankhula Chitumbuka, ena Chitonga kapena Kyangonde, ndipo makolo amene amaphunzitsa pakhomo amakonda kukankha Chingerezi chokhachokha. Koma pa mayeso a Standard 8 pali pepala la Chichewa, lokhala ndi malamulo a chiyankhulo ndi chimangirizo. Ife tinazindikira mochedwa, mwana amayankhula Chichewa cha pamsewu bwinobwino koma kulemba kunali zina, zinatitengera chaka kuti afike pamzere. Chiyikeni pa thayimuthebulo kuyambira tsiku loyamba.

Mayeso ndiye nkhani yaikulu kuposa zonse. Setifiketi siichokera kwa inu, imachokera ku MANEB ku Zomba, PSLCE ya Standard 8, JCE ya Fomu 2 ndi MSCE ya Fomu 4. Mwana salembera pabalaza panu, amalembetsa kudzera pa sukulu imene ili senta ya mayeso, ndipo kulembetsako kumatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanafike, mukaphonya ndiye kuti chaka chapita. Kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma, kaya Mzuzu Government kaya CDSS yapafupi, kumadalira zotsatira za PSLCE. Choncho mwana akangofika Standard 6 yambani kufunsa kwa a PEA kuti adzalembetsa kudzera pati ndipo akufunika kukhala m'kaundula wa sukuluyo kuyambira liti. Maganizo anga ndi oti ngati thanzi likulola, mubwezereni kusukulu Standard 7 kapena poyambirira pa Standard 8, azolowere kulemba ndi anzake, belu likulira, woyang'anira akuyendayenda. Ife ndi zomwe takonza.

Ku sekondale njira zilipo zingapo. Pa MSCE pali ma external candidate, olemba mayeso osakhala ophunzira a pa sukulupo, palinso ma open school amene amaphunzira masana. Vuto limakhala pa sayansi, Biology, Chemistry ndi Physics zimafuna ma practical, ndipo labu simungaipange kukhitchini, nde gwirizanani ndi sukulu ina msanga. Ena amasankha mayeso akunja a IGCSE a Cambridge ngati private candidate kudzera pa senta yovomerezeka, ndi njira yabwino koma ndalama zake nzambiri, pepala lililonse limalipiridwa palokha. Kaya mwasankha iti, kumbukirani kuti kulowa Mzuni kapena yunivesite ina ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, kumafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi.

Chinthu china chimene chimabwera mosayembekezera ndi aneba. Akaona kuti mwana wanu akuwerenga bwino amabwera, "amayi a Tawonga, wangayu azibweranso, ndizikupatsani kangachepe." Poyamba awiri, kenako asanu ndi atatu, mwagula mabenchi. Pamenepo si kuphunzitsa mwana wanu pakhomonso ayi, mwatsegula sukulu, ndipo sukulu ya pulayiveti imayenera kulembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, ndi kuyenderedwa zimbudzi, makalasi ndi mapepala a aphunzitsi. Ine ndinawakana mwaulemu, ndinangoti ana azibwera Loweruka masana kudzawerenga nthano limodzi ndi kusewera mpira, popanda ndalama, chifukwa wanganso amafunika anzake.