Kuchita apilo m'bale akamangidwa osalakwa

Mwati mchimwene wanu wagamulidwa kukhoti la majisitireti ku Chikwawa pa mlandu woba ng'ombe chonsecho usiku umenewo anali kumaliro ku Ngabu.

Musanayambe, khalani ndi nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo ndi dzina la khoti.

1. Werengani masiku. Kalata yodziwitsa khoti kuti mukuchita apilo iyenera kupita pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwe. Ambiri amagwa apa: amayamba agulitsa mbuzi kufunafuna loya, masiku n'kutha. Lembani kaye, ndalama pambuyo. Mukachedwa, High Court ikhoza kukumverani pokhapokha mutapereka chifukwa chomveka.

2. Wamangidwayo akhoza kupereka kalatayo kudzera kwa mkulu wa ndende. Mukapita kukamuona, mufunseni ngati watero.

3. Pemphani kalaliki wa khoti kope la chigamulo ndi zonse zimene zinalembedwa pozenga mlandu. Mukalipira kanthu, tengani lisiti.

4. Pitani nazo ku Legal Aid Bureau ngati mulibe ndalama ya loya. Akuthandizani kulemba zifukwa za apilo: kodi majisitireti analakwitsa pati? Kungoti "ndi wosalakwa" sikukwanira. Nenani ngati mboni za kumaliro zija sanazimvere.

5. Apilo imakamvedwa ku High Court ku Blantyre, ndiye sungani ya transipoti, ndipo muzifunsa pafupipafupi pamene fayilo yafika.

Ngati anavomera mlandu m'khoti, nthawi zambiri apilo imakhudza chilango chokha. Ngati anavomera chifukwa chomenyedwa, muuzeni loya msanga.

Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe fayilo isowe, kanani ndipo kanenani ku ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Wopereka ziphuphu nayenso amamangidwa.