Kamvedwe ka nyimbo yachikondi: mmene mungatanthauzire mawu ake popanda kuinamizira

Mkangano wa okonda nyimbo umayamba pafupifupi nthawi zonse ndi funso loti woimbayo ankanena ndani. Funsoli liikeni pambali kaye. Nyimbo yolembedwa bwino imakhala ndi wolankhula, womulankhula, nthawi imene zinthu zikuchitika ndiponso malo amene nkhani ikukhotera. Mukapeza zinayi zimenezi, tanthauzo lanu likhala ndi poimira. Chitsanzo chathu ndi Love Story ya Taylor Swift, ya mu chimbale cha Fearless, yomwe inatuluka mu September 2008, iye ali ndi zaka 18. Ndi nyimbo ya mtsikana wokonda mnyamata amene bambo ake sakumufuna, ndipo ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa imabwereka anthu a m'sewero lodziwika la Romeo and Juliet kenako n'kusintha mathero ake.

Yambani ndi kuimvera katatu musanaone mawu olembedwa. Ulendo woyamba ingomverani. Wachiwiri mukhale ndi pepala, muzilemba mphindi ndi sekondi paliponse pamene mawu a woimba kapena zida zasintha, kaya zakwera, zatsika kapena zina zaleka kulira. Wachitatu lembani nkhani yonse m'ziganizo zisanu za Chichewa mongokumbukira. Pomwe mwasowa cholemba ndi pomwe simunamve, ndipo mpamene mudzafunike kukhalitsa. Mukatero fufuzani mawu ake. Masamba ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi omvera anzanu, motero zolakwika zimakhalamo, ndipo liwu limodzi lolakwika litha kusandutsa funso kukhala lonjezo. Yerekezani masamba awiri, kapena onerani kanema wa mawu amene woimbayo anatulutsa yekha pa YouTube.

Tsopano gawani mawuwo. Nyimbo zambiri za pop zili ndi ndime zofotokoza nkhani, kolasi yobwerezabwereza, ndi kagawo kena chakumapeto komwe oimba amakatcha bridge, kosiyana maimbidwe ndi zina zonse. Pambali pa gawo lililonse lembani amene akulankhula ndi amene akuuzidwa. Mu Love Story mupeza kuti mtsikana ndiye akulankhula kuyambira pachiyambi, akuuza mnyamatayo. Bambo ake amamveka m'chiganizo chimodzi chokha choletsa, chimene mtsikanayo akungotibwerezera. Mnyamata amangopereka moni m'ndime yoyamba, ndipo salankhulanso mpaka m'kolasi yomaliza. Choncho zonse zimene tikudziwa za iye tikuzimva kwa munthu amene wamukonda kale. Aliyense wonena kuti mnyamatayo ndi wokhulupirika kapena ndi wachinyengo akunena zimene nyimboyo sinationetse.

Kenako onani nthawi. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Nyimboyi imayamba mtsikana akutseka maso n'kukumbukira tsiku limene anaonana koyamba, onse ali achichepere. Phwando, magetsi, madiresi ataliatali, zonsezo ndi zokumbukira. Dulani mzere pansi pa aneni onse a zakale, ndipo a zimene zikuchitika pakalipano muwazunguze. Muona kuti ndime zimapita uku ndi uku pakati pa kale ndi tsopano, koma makolasi ndi mawu amene iye ananena panthawiyo. Munthu akamakumbukira amakometsera, ndipo mlembi amadziwa zimenezi.

Ntchito yaikulu ili pa kolasi. Musaganize kuti popeza maimbidwe ndi amodzimodzi ndiye kuti mawu ndi omwewo. Lembani makolasi onse moyandikana, mzere ndi mzere, muone chimene chasintha. M'kolasi yoyamba mtsikana akupempha kuti athawire kwina kopanda anthu, iye akhale mwana wamkazi wa mfumu, mnzakeyo mwana wamwamuna wa mfumu. Ndi maloto a mwana. Pambuyo pa ndime yachiwiri kolasi yoyamba ija imabwerezedwa, kenako pempho lasintha: akufuna kupulumutsidwa kwa anthu amene akumuuza zoti azimva mumtima mwake, ndipo akuvomereza kuti chikondichi n'chovuta. Mu bridge watopa kudikira, chikhulupiriro chikutha. Kolasi yotsatira imaimbidwa chapansipansi, zida zachepa, ndipo iye akudandaula kuti ali yekha, mnyamatayo sakubwera, mpaka akudzifunsa ngati zonsezi sizili m'mutu mwake chabe. Pomwepo mnyamata agwada, atulutsa mphete, nyimbo ikwera kuchoka pa kiyi ya D kupita pa E, ndipo kolasi yomaliza ndi mawu a mnyamatayo: wakambirana kale ndi bambo, mtsikana akasankhe diresi loyera. Amene anaimbapo kwaya akudziwa chimene kukweza kiyi kumachita m'chifuwa cha omvera. Kumawauza kuti zayenda, asanamvetse n'komwe mawu ake. N'chifukwa chake mawu ndi zida muyenera kuzitanthauzira pamodzi. Woŵerenga mawu okha papepala amataya theka la umboni.

Maina obwereka musawalumphe. Mtsikana akutchedwa Juliet, mnzake Romeo, ndipo ambiri amene anatenga Literature kusekondale m'Malawi sewero la William Shakespeare limeneli analiŵerenga. Pindani pepala pakati, mbali ina mulembe zofanana, ina zosiyana. Zofanana ndi kukumana paphwando, kuonana mobisa m'munda, ndi kholo lotsekereza. Zosiyana ndi zimene zili ndi phindu. M'seweromo muli udani wa mabanja awiri a ku Verona, a Montague ndi a Capulet, pomwe m'nyimbo muli bambo mmodzi wokana ndipo chifukwa chake sitiuzidwa. M'seweromo awiriwo amakwatirana mwachinsinsi kenako onse amafa. M'nyimbo ukwati ndi wapoyera, wovomerezedwa ndi bambo, ndipo palibe amene wafa. Mtsikana amene anayamba ndi kufuna kuthawa akumalizira ndi chilolezo cha kholo lomwe ankafuna kulithawa. Ameneyu ndiye mtima wa nyimboyi, ndipo tanthauzo losakhudza zimenezi ndi loperewera.

Pali chobwereka china chimene chimavuta. Mtsikanayo amadziyerekeza ndi chilembo chofiira, chochokera m'buku la Nathaniel Hawthorne la mu 1850, The Scarlet Letter, momwe mayi wina, Hester Prynne, amakakamizidwa kuvala chilembo A pachifuwa chifukwa cha chigololo. Ena akangodziwa izi amathamangira kunena kuti mtsikana wa m'nyimboyi anachita chigololo. Palibe mzere wina uliwonse wothandizira ganizo limenelo. Lamulo lake ndi ili: tanthauzo la fanizo lizigwirizana ndi mizere ina iwiri kapena kuposerapo ya m'nyimbo yomweyo. Chimene chikugwirizana pano ndi kulozedwa chala ndi kukhala munthu woletsedwa kumuyandikira, pakuti mzere wotsatira ndi wa bambo akuletsa mnyamatayo.

Mukafika apa mutha kumanga matanthauzo awiri n'kuwayesa. Loyamba ndi loti zonse zinachitikadi, kudikira kunapindula. Umboni wake ndi mphete, kukwera kwa kiyi, ndi kubwerezedwa kwa mzere woyamba kumapeto ngati munthu akukumbukira ali m'banja kale. Lachiwiri ndi loti matherowo ndi chikhumbo chabe. Umboni wake ndi wakuti kufunsira kumabwera mtsikana atangodzifunsa ngati akulota, ndipo bambo amene anakana kawiri asintha maganizo popanda kutiuza chifukwa. Onse awiri ali ndi poima, koma lachiwiri limafotokoza mizere yambiri, ndipo tanthauzo lofotokoza mizere yambiri ndi lomwe liyenera kutsogola.

Zonena za woimbayo muzibweretse pomaliza, ngati choyesera, osati poyambira. Taylor Swift ananenapo kuti analemba nyimboyi poganizira mnyamata amene abale ndi anzake sankamufuna. Sanakwatiwe naye, ndiye kuti mathero anawapeka. Izi zikuthandizira tanthauzo lachiwiri, koma sizikupha loyamba, chifukwa mtsikana wa m'nyimbo ndi munthu wopekedwa, si Taylor Swift weniweni. Kusakaniza awiriwa ndi kumene kumachititsa anthu kuyamba kusakasaka maina a zibwenzi zakale za woimba, ndipo zikatero nyimbo yaiwalika, kwatsala miseche. Onaninso chaka cha chimene mukumvera. Nyimboyi anaijambulanso n'kuitulutsa mu 2021 ali ndi zaka 31, mawu omwewo koma liwu lokhwima, ndipo mzere wokumbukira ubwana umamveka mosiyana ukaimbidwa ndi munthu wamkulu.

Chenjerani ndi mwambo wanu. Womvera wa kuno akamva kuti mnyamata wapita yekha kwa bambo a mtsikana atha kuona ngati chipongwe, popeza kwathu nkhani yotere imadzera kwa amalume ndi ankhoswe. Ku America, kumene nyimboyi inalembedwa, kupempha kwa bambo mwachindunji ndi ulemu wachikale. Mukhoza kunena mmene inu zikukukhudzirani, koma muzisiyanitsa ndi zimene mlembi ankatanthauza.

Polemba tanthauzo lanu kuti ena aŵerenge, ndime zitatu zakwana: ganizo lanu m'chiganizo chimodzi, mizere itatu yolitsimikiza yofotokozedwa m'mawu anuanu pamodzi ndi mphindi imene ikupezeka, ndiponso mzere umodzi umene ukukutsutsani ndi yankho lanu pa iwo. Musakopere mawu onse a nyimbo, chifukwa ali ndi eni ake mwalamulo, ndipo woŵerenga atha kukaimvera yekha pa mphindi zimene mwamulozera.