Kuchotsa code yobwerezedwa mu tracing ya Linux popanda kuwononga kanthu

Inu amene mumasamalira gawo la tracing mu kernel (phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta) ya Linux, lomwe limalemba zochitika mkati mwa kompyuta pamene ikugwira ntchito, dziwani kuti code yolembedwa kawiri imabala mavuto awiri. Imakulitsa kernel pachabe, ndipo vuto likapezeka munthu amakonza malo amodzi n'kuiwala enawo.

Poyambira pabwino ndi pa macro (chidule cha code) ya TRACE_EVENT, imene imafotokoza event, ndiko kuti chochitika chimodzi choti chilembedwe. Nthawi iliyonse imene mwaigwiritsa ntchito, compiler imapanga ma function angapo, ina yosunga zochitikazo mu ring buffer (malo osungira mongoyembekezera), ina yozisindikiza, inanso yothandiza perf (pulogalamu yoyeza kagwiridwe ntchito ka kompyuta), choncho ma event khumi ofanana amabala magulu khumi a ma function amene ntchito yawo ndi imodzi. N'chifukwa chake mu ftrace, chida cha tracing cha mu kernel, imene amaiyang'anira a Steven Rostedt ndipo inalowa mu Linux 2.6.27 m'chaka cha 2008, munaikidwa DECLARE_EVENT_CLASS ndi DEFINE_EVENT. Mumalemba chikombole kamodzi ndi DECLARE_EVENT_CLASS, kenaka event iliyonse, kudzera mu DEFINE_EVENT, imangotchula dzina lake n'kubwereka ma function a chikombolecho. Tsegulani include/trace/events/sched.h muone mmene sched_wakeup ndi sched_wakeup_new zimagawanira sched_wakeup_template. Ngati ma event akusiyana pa kasindikizidwe kokha, DEFINE_EVENT_PRINT ilipo.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Kufanana kwa maonekedwe sikutanthauza kufanana kwa ntchito. Musanaphatikize ma event awiri, yerekezani mosamala zimene zili mu TP_PROTO, TP_STRUCT__entry ndi TP_fast_assign (magawo ofotokoza zimene event imalandira, zimene imasunga ndi mmene imazisungira), ndipo mukapeza kuti pakufunika kuwonjezera mawu oti "ngati ndi event iyi chita chakuti" kuti zigwirizane, zisiyeni zikhale padera. Ine ndimaona kuti mizere makumi awiri yobwerezedwa koma yomveka ndi yabwino kuposa function imodzi yodzaza ndi ma if, makamaka m'malo ngati scheduler (gawo logawira mapulogalamu nthawi yogwira ntchito) amene amadutsidwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Chinthu chimene simuyenera kuchisuntha ndi fayilo ya format ya event iliyonse, yopezeka pansi pa /sys/kernel/tracing/events. Mapulogalamu monga perf ndi trace-cmd amawerenga fayiloyi kuti adziwe dzina, kukula ndi malo a field iliyonse, ndipo dzina la field likasintha, ma script amene anthu analemba modalira dzinalo amasiya kugwira ntchito. Koperani mafayilowa musanayambe, ndipo mukamaliza muwayerekeze ndi atsopanowo pogwiritsa ntchito diff, pulogalamu yoonetsa kusiyana kwa mafayilo. Nambala ya ID ikhoza kusintha, koma ma field akhale momwemo.

Kenaka yendetsani ftracetest, pulogalamu yoyesera ftrace, ya mu tools/testing/selftests/ftrace, ndipo scripts/bloat-o-meter ikuuzeni kuti vmlinux, fayilo ya kernel yomangidwa, yachepa ndi ma byte angati, chiwerengero chimene muyenera kuchilemba m'mawu ofotokoza patch yanu. Kuyeretsaku kukhale m'patch yakeyake, osakusakaniza ndi kukonza vuto kapena kuwonjezera chatsopano, kuti china chikadzawonongeka, git bisect, chida chofufuzira patch imene inabweretsa vuto, idzaloze malo enieni.